MBIRI YA AARON DAVID GORDON, MPHUNZITSI WA KHASU

Mwezi uno tikusimbirani mbiri ya munthu wina wa mtundu wa Ayuda, dzina lace Aaron David Gordon, amene anamwalira caka ca 1922, ndipo manda ace ali kufupi ndi Nyanja ya Galileya. Munthuyu sanali mfumu kapena kazembe wa nkhondo; sanamanga sukulu, ndipo cuma sanasiya. Koma angakhale lero aphunzitsi a Ciyuda, pamene alangiza ana ao za cilungamo pakati pa anthu, za kusamala nthaka ndi zamoyo zace, ndi za kukonda dziko la makolo ao, amachula dzina lace kawiri kawiri. Cimene cinamchukitsa ndi ici: pokhala wa zaka ngati 48, msinkhu umene ena ayamba kulingalira za kupumula, iye anaika pansi colembera, natola khasu, ndipo sanalitaya kufikira nthenda inamgoneka.

UBWANA WACE

Gordon anabadwa caka ca 1856 m'mudzi wa Troyanov, m'ufumu wa Russia. Dera limenelo lero liri m'dziko la Ukraine. Atate wace ndi amace anali anthu opembedza, ndiponso osasowa kanthu. Popeza mwanayo anali wodwaladwala, anamfunira aphunzitsi omphunzitsa pakhomo. Anaphunzira Cihebri, ndi cilamulo ca Mose, ndi mabuku a aphunzitsi akale a Ciyuda ochedwa Talmud; ndipo atasinkhuka anadziphunzitsa yekha zinenero zina za ku Ulaya, nawerenga mabuku ambiri a anthu a mitundu yina.

M'cilamulo cimene anaphunziraco muli malamulo ambiri a mlimi. Lina liti wokolola asiyeko dzinthu m'mphepete mwa munda kuti aumphawi ndi alendo akunkhe. Lina liti caka cacisanu ndi ciwiri ciri conse munda upumule. Lina liletsa kulikha mitengo ya zipatso ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Ndipo lina liti waganyu alandire kulipira kwace tsiku lomwelo, kusanade. Koma taonani cobvuta cace: ana amene anali kuloweza malamulo awa analibe minda. Boma la Russia linawaikira Ayuda malire a dera lokhalamo, ndipo caka ca 1882 linakhazika lamulo lowaletsa kugula kapena kubwereka nthaka kunja kwa midzi yaikuru. Cotero ambiri a iwo anali kudya za malonda ang'ono ang'ono, za kusoka zobvala ndi nsapato, ndi za ukalaliki. Ndipo anthu omwewo amene anawamana minda anatembenuka nawanyoza kuti ndiwo akudya osalima. Cinthu ici cinamkhalira Gordon ngati munga m'phazi.

ZAKA 23 PA UKALALIKI

Atakula anakwatira msuweni wace dzina lace Feige, napeza nchito ya ukalaliki pa munda waukuru wa abale ace olemera a banja la Günzburg, pamalo pochedwa Mohilna. Anakhala pa nchitoyo zaka 23, naigwira mokhulupirika, angakhale mtima wace sunakondwera nayo. Anabala ana asanu ndi awiri; koma asanu anamwalira akali ang'ono, natsala awiri okha, wamwamuna ndi wamkazi. Cimene cinamtonthoza ndico kuphunzitsa, pakuti akaweruka anali kusonkhanitsa anyamata ndi asungwana a Ciyuda, nawerenga nao mabuku, nakambirana nao za mtundu wao.

Masiku amenewo anali oipa kwa Ayuda. M'zaka za 1881 ndi 1882 makamu a anthu anawaukira m'midzi yambiri ya kumwera kwa Russia, nafunkha katundu wao, napasula nyumba zao, naphako ena. Ambirimbiri anathawira ku America. Koma ena anayesa kuti mankhwala ace ndiwo kubwerera ku dziko la makolo ao, ndilo Palestine, limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Aturuki. Caka ca 1897 Theodor Herzl anaitanitsa msonkhano waukuru ku Basel, m'dziko la Switzerland, wopangana za nkhani yomweyi. Gulu lao linachedwa la Ziyoni, potengera dzina la phiri la ku Yerusalemu. Owerenga asalisokoneze ndi mipingo ya Ziyoni imene tiidziwa kwathu kuno. Ili silinali mpingo iai, koma gulu la Ayuda ofuna kukhala ndi kwao.

Caka ca 1903 zinthu zinamgwera Gordon motsatizana. Munda uja unagulitsidwa, nchito yace nitha. Mwezi wa April ku Kishinev anthu anapha Ayuda 49. Ndipo pasanapite nthawi yaitari atate wace ndi amace anamwalira. Pamenepo iye anatsimikiza mtima. Anasiyira mkazi wace ndi ana ndalama zimene anali nazo, ndipo caka ca 1904 anauyamba ulendo wa ku Palestine ali yekha, kuti akayambe wakonza pokhala. Mwana wace wamwamuna, amene anali wosunga miyambo ya cipembedzo kolimba koposa atate wace, sanagwirizana nayo njirayi, ndipo sanamtsata konse.

M'MINDA YA MPESA NDI MALALANJE

Pofika iye anapeza midzi yingapo ya Ayuda itamangidwa kale, monga Petah Tikva, woyamba caka ca 1878, ndi Rishon LeZion, wa caka ca 1882. Minda yao ya mpesa ndi malalanje inali yokongola. Koma Gordon poyang'anitsa anaona kuti ogwira khasu m'mindamo ambiri anali Aarabu aganyu, olandira malipiro ocepa, ndipo eni minda anali ngati akapitao. Anazindikira kuti nthenda imene anaithawa ku Russia yaoloka nao nyanja: anthu afika pa nthaka ya makolo ao, koma manja ao sanaikhudza.

Anthu poona kuti ndiye munthu wophunzira, wa ndebvu zazitari ndi thupi lofooka, anafuna kumpatsa nchito yopepuka ya m'nyumba. Koma iye anakana, nakaima pamodzi ndi aganyu kupempha nchito ya tsiku. Khasu la kumeneko ndi lalikuru ndi lolemera, lochedwa turiya. Ndipo munthu amene sanalime cibadwire anayamba kukumba nalo maenje ndi kupalira mitengo, dzuwa liri pamutu. Manja anaturuka matuza, malungo anamgwira kawiri kawiri, masiku ena nchito inasowa ndi cakudya comwe. Tsiku lina ali pa ulendo wa ku Jaffa acifwamba anamgwira, nambvulaza kwambiri. Zitapita zaka ngati zisanu mkazi wace ndi mwana wao wamkazi Yael anali atafika. Koma itapita miyezi yowerengeka mkaziyo anadwala namwalira. Angakhale zonsezi, Gordon sanabwerera m'mbuyo.

Anzace a pa nchito anali anyamata ndi asungwana ocokera ku Russia ndi maiko oyandikana nalo, amsinkhu wa ana ace. Pakati pa 1904 ndi 1914 anafika Ayuda ngati 35,000, koma ambiri atalawa malungo ndi njala anataya mtima nacoka. Otsalawo anali kuyang'ana kwa nkhalamba ija. Poiona irinkulima mzere umodzi ndi iwo, osadandaula, anacita manyazi kuleka. Madzulo iye anali kumva zowawa zao, kuyimba nao ndi kubvina nao, ndi kuceza ndi odwala. Mmodzi wa iwo anali Rachel Bluwstein, amene pambuyo pace anachuka polemba ndakatulo za Cihebri. Wina anali mlembi wa mabuku Yosef Haim Brenner. Umu ndimo munali sukulu ya Gordon: inalibe makoma kapena belu, ndipo mphunzitsi wace anali kulandira malipiro ofanana ndi a ophunzira ace.

CIPHUNZITSO CACE

Usiku anzace ali m'tulo, iye anali kuyatsa nyali ndi kulemba. Zambiri za zolemba zace zinaturuka m'nyuzi ya gulu la anchito lochedwa Hapoel Hatzair, ndiko kuti Wanchito Wacinyamata. Ndipo anakana kulandira ndalama cifukwa ca kulemba kapena kuphunzitsa, pakuti anafuna kudya za khasu lace zokha. Colemba cace cacikuru cinali ca munthu ndi cilengedwe. Tikasonkhanitsa zimene anaphunzitsa, tipeza mitu itatu.

Woyamba ndiwo wa nchito. Iye anaphunzitsa kuti munthu wodya thukuta la mnzace ali wodwala, angakhale nkhokwe zace ziri zodzala. Ndipo mtundu umene usiyira ena nchito zonse zolemetsa udwala nthenda yomweyo. Nchito ya manja sanaiyesa temberero kapena njira cabe yopezera ndalama, koma cinthu cociritsa munthu ndi kumlemekeza. Pa ici anasiyana ndi otsata Karl Marx, amene anali ambiri pakati pa anyamata aja. Iwo anali kunena kuti cilungamo cidzafika pamene anchito adzagonjetsa olemera ndi kulanda ulamuliro. Gordon anayankha kuti kusintha olamulira sikuthandiza ngati mitima iri yomweyo, ndi kuti munthu ali yense ayambe kukonza moyo wa iye mwini lero lomwe.

Waciwiri ndiwo wa cilengedwe. Iye anaona kuti munthu wa masiku atsopano ayang'ana nthaka, madzi, mitengo ndi nyama monga katundu woti atengeko monga afuna, naiwala kuti iye mwini ali ciwalo ca zomwezo. Cotero anaphunzitsa kuti mlimi asamacita ndi munda wace ngati wofunkha, koma ngati mbale, woumvera ndi kuusamala. Ndi kuti wocitira nkhanza nthaka ndi nyama sadzacedwa kucitira nkhanza anthu. Iye mwini analeka kudya nyama.

Wacitatu ndiwo wa mtundu. Anakhulupirira kuti Ayuda adzatsitsimuka pokhapokha atabwerera ku nthaka ya makolo ao ndi ku cinenero cao ca Cihebri. Koma anawacenjeza kuti dziko silikhala la munthu cifukwa ca ndalama zimene walipira, kapena mfuti, kapena kalata ya mafumu akutari, koma cifukwa ca kukhalamo ndi kuligwirira nchito. Ncifukwa cace caka ca 1917, pamene boma la Angerezi linalonjeza mwa kalata ya Balfour kuti lidzathandiza Ayuda kukhala ndi kwao ku Palestine, iye sanaika mtima wace pa lonjezolo; ndipo pamene anyamata ambiri analembetsa usilikari m'gulu la nkhondo la Angerezi caka ca 1918, iye anali mmodzi wa otsutsa, nawalangiza kuti asasiye minda.

FUNSO LOBVUTA

Tsono tifika pa nkhani imene wosimba mbiri iyi sayenera kuilumpha. Dziko limene Gordon analikonda silinali lopanda anthu. Pamene Angerezi anawerenga anthu caka ca 1922, anapeza ngati 757,000, ndipo mwa iwo Ayuda anali ngati 84,000 okha. Otsalawo pafupi onse anali Aarabu, Asilamu ndi Akristu, amene makolo ao analima kumeneko mibadwo yambiri. Ndipo ciphunzitso cakuti Myuda azilima yekha munda wace cinali ndi mbali ziwiri. Mbali yina cinali kucotsa mcitidwe wodya thukuta la wina. Koma mbali yinzace cinali kucotsa Mwarabu waganyu pa nchito imene anali kudyetsa nayo ana ace. Ndiponso minda yambiri inagulidwa kwa eni cuma okhala kutari, ndipo alimi osauka amene anali kukhalapo anauzidwa kuti acoke.

Gordon sanatseka maso ace pa ici. Anabvomereza kuti Aarabu okhala m'dzikomo ndi kulilima ali nalo gawo, nalemba kuti macitidwe a Ayuda kwa anansi aowo ndiwo muyeso woyesera umunthu wao. Kumapeto kwa moyo wace analangiza kuti pomanga midzi yatsopano azipatula nthaka ya Aarabu oisowa. Koma anaumiriranso kuti Ayuda ali nao ufulu wakudza ndi kucuruka, nayembekeza kuti malo adzakwanira mitundu yonse iwiri, ndi kuti kupikisana kwao kudzakhala kwa khasu, kosati kwa mfuti.

Ciyembekezo cimeneco sicinakwaniridwa. Akali moyo, mwezi wa May 1921, kunabuka cipolowe ku Jaffa, nafa Ayuda ndi Aarabu. Ndipo mmodzi wa ophedwa anali bwenzi lace Brenner. Caka ca 1948, zitapita zaka zitatu cithere nkhondo imene Ajeremani a Hitler anaphamo Ayuda 6,000,000, boma la Israyeli linakhazikika, nilikhala pothawira pa otsala ambiri. Koma m'nkhondo ya masiku omwewo Aarabu a ku Palestine ngati 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa m'midzi yao, ndipo mlandu umenewo sunathe kufikira lero. Cotero anthu ophunzira asiyana pomweruza Gordon. Ena amuyesa munthu wa mtendere amene mau ace sanamveka. Ena, monga Zeev Sternhell, wolemba mbiri wa ku Israyeli komweko, ati iye anaika mtundu wace patsogolo pa zonse, ndi kuti cilungamo cace cinali cotumikira mtunduwo.

MASIKU ACE OTSIRIZA

Kuyambira caka ca 1912 Gordon anagwira nchito m'midzi ya ku Galileya, ndipo caka ca 1919 anakhazikika pa Degania, pamene mtsinje wa Yordano uturuka m'Nyanja ya Galileya. Mudziwu anauyamba caka ca 1910 amuna khumi ndi akazi awiri, amene anapangana kuti pasakhale bwana kapena wanchito, koma munda, ziweto, cakudya ndi thumba la ndalama zikhale za onse. Anazindikira cimene akuru athu ananena, kuti mutu umodzi susenza denga. Dzina la mudziwo licokera ku liu la Cihebri lotanthauza dzinthu, ndipo ndiwo unakhala mai wa midzi yonse yochedwa kibbutz.

Caka ca 1920 anzace anamtuma ku msonkhano ku Prague. Pambuyo pace anayamba kudwala. Ndipo asing'anga a ku Vienna atamuyesa anapeza nthenda ya khansa pakhosi pace. Anabwerera ku Degania, napitiriza kulemba monga anakhoza. Ndipo pa 22 February 1922 anamwalira, ali wa zaka 65. Anamuika m'manda a mudzi womwewo, pakati pa anchito anzace.

ZIMENE ZINAMERA PAMBUYO PACE

Mau a akuru akoma akagonera. Caka ca 1925 anyamata a Ciyuda ku Poland anayamba gulu naliika dzina lakuti Gordonia, lophunzitsa ana Cihebri ndi nchito ya manja, ndipo ambiri a iwo anakamanga midzi ya alimi ku Palestine. Caka ca 1935 pa Degania anayamba nyumba ya cikumbutso cace, yochedwa Beit Gordon, yosungamo zomera, mbalame, nyama ndi miyala ya m'deralo, kuti ana a sukulu adziwe zamoyo za dziko lao. Ndiponso pa tsiku la Tu BiShvat, limene Ayuda alicha caka catsopano ca mitengo, ana a sukulu amaturuka kukaoka mitengo. Mwambo uwu unayamba Gordon asanafike, koma aphunzitsi ambiri amaulumikiza ndi ciphunzitso cace.

Koma si zonse zinayenda monga iye anafuna. Pakati pa 1951 ndi 1958 boma la Israyeli linaphwetsa nyanja yaing'ono ndi zithaphwi za Hula, kumpoto kwa Galileya, kuti lipeze minda. Ambiri anakondwera, koma pambuyo pace nthaka inayamba kutitimira, kupsa pansi ndi kuuluka ndi mphepo, zamoyo zina zinasowa, ndipo madzi otsikira ku Nyanja ya Galileya anaipa. Anthu amene anatsutsa nchitoyo ndiwo anayamba, caka ca 1953, bungwe losunga cilengedwe ca dzikolo; ndipo m'zaka za m'ma 1990 anabwezeranso madzi pa gawo lina, mbalame nizibwerera. Pamenepo anthu anaona kuti kugwira nchito mwamphamvu pa nthaka ndi kuimvera nthaka ziri zinthu ziwiri. Kuyambira zaka zomwezo, nchito yambiri ya m'minda ya ku Israyeli yakhala m'manja mwa aganyu ocokera kunja, makamaka ku Thailand. Ndipo caka ca 2007 anthu a pa Degania anabvomerezana kuleka thumba limodzi lija, kuti ali yense azilandira malipiro ace.

Cifukwa cace aphunzitsi a Ciyuda, m'sukulu ndi m'magulu a anyamata, ku Israyeli ndi ku maiko ena, akasimba mbiri ya Gordon, alibe mau okoma okha owauza ana. Mbiriyi iwafunsa mafunso atatu amene iye anawamanga mtolo umodzi: ndani agwira nchito imene tidya, ndipo alipidwa bwanji; nthaka tiisiya yotani kwa adzukulu; ndipo mnansi wa mtundu wina, wokhala pa nthaka yomweyo, ticita naye motani. Ena afuna kusenza funso limodzi ndi kutula ena awiri. Koma Gordon anayesa kuti wokonda dziko lace ayenera kusenza onse atatu.

Owerenga okondedwa, munthuyu sanatsiriza nchito yace, ndipo funso lacitatu lija linamposa iye ndi mbadwo wace. Koma pa cinthu cimodzi abwenzi ace ndi otsutsana naye abvomerezana: cimene anauza ana kuti acite, iye anayamba wacicita ndi manja ace zaka 18, pa dzuwa ndi pa malungo, osapempha malo apamwamba. Aphunzitsi ndi akuru amene muwerenga mau awa, taganizirani cimeneci, pakuti ana aiwala msanga zimene tinena, koma zimene ticita azisunga.